Masamba Pamsewu

Chilekereni makhoti kumva mboni za anthu pa milandu ya ngozi, chimene chimalankhula tsopano ndi kabokosi ka m'lole, kamene kamasunga liwiro ndi nthawi imene dalaivala waponda mabuleki.

Amuna a Nangondo, a Zakeyu, anagundidwa ndi lole akuyala masamba pamsewu kuti oyendetsa adziwe kuti pamudzi pagwa zovuta. Mudzi wonse unaona, koma maso a munthu alibenso ntchito. Kabokosi kanati loleyo sinapyole liwiro lololedwa, ndipo mlandu unatha thupi lisanatuluke n'komwe kuchipatala.

M'mawa wa tsiku loika maliro, Nangondo anaona alamu ake, a Lufeyo, atasenza nthambi za mango.

"Zimenezo mukupita nazo kuti, alamu?"

"Kumsewu. Achimwene sangaikidwe ngati galu."

"Kodi kabokosi kaja kamaona masamba?"

A Lufeyo anatula nthambizo pansi.

"Bwererani," anatero Nangondo. "Misozi yolirira anthu awiri ine ndilibe."

Nthambizo a Lufeyo anaziponyera mbuzi. Pamene amayi ankaimba m'nyumba ya siwa, malole ankangodutsa pamsewu, onse pa liwiro lololedwa.