Mausi M'mwamba

"Mayi, kodi awa si inu?" anafunsa bambo wina amene ankaphunzira nawo kompyuta ku laibulale, uku akuwapatsa foni.

Mayiwo, namwino wopuma pantchito, anakonza magalasi awo. Analidi iwo. Pa vidiyo ya pa intaneti imene inali pafoniyo, anali pabalaza pawo, atanyamula mausi, kachipangizo koyendetsera kompyuta, m'mwamba n'kumailozetsa pa kompyuta ngati limoti ya TV. Kumbuyo kunkamveka mawu a mwana wawo wamwamuna: "Kwezani kwambiri amayi, netiweki ili kudenga!" M'munsi mwake anthu miyandamiyanda anali atalemamo zowaseka. Mavidiyo otere analipo ambiri.

Lamlungu lililonse mwanayo ankabwera kudzawaphunzitsa, foni yake ataitsamiritsa pa chitini cha shuga. Iwo ankauza anzawo monyadira kuti pa ana awo onse, woleza mtima ndi ameneyu.

Mayiwo anabweza foni ya bamboyo mwaulemu, n'kupempha mphunzitsi wa ku laibulaleko kuti awaonetsenso zonse kuyambira poyamba. Sabata yonseyo sanajombe.

Lamlungu litafika, mwanayo anatchera foni yake pamalo pomwe paja. Mayi anayatsa okha kompyuta, kutsegula imelo, n'kutumizira mng'ono wawo chithunzi, osalakwitsa ngakhale pamodzi.

"Aa, amayi, mwaiwala kodi? Paja mausi timanyamula m'mwamba," anatero iye, akuseka mokakamiza.

"Timaikhazika patebulo, mwanangu," anayankha akumuyang'ana m'maso. "Ndikuthirire tiyi?"

Iye anazimitsa foni, nati akuthamangira kwinakwake.

Lamlungu lotsatira mayi anaphika, n'kuyala mbale ziwiri patebulo. Chakudya chinazizira, pakhomo osagogoda munthu.