Batani la Abwana

Kiyi wa galimoto anagogoda pa sikirini.

"Langa ndi liti apa?" anafunsa abwana, mpweya wawo ukuotcha m'khosi mwa mayi wina wolemba mapulogalamu a kompyuta.

Mayiyo anawalozera. M'munsi mwa windo la pulogalamuyo munali mabatani atatu: Sunga, Vomereza ndi Bweza. Onse anali atawapatsa msinkhu umodzi, ofanana ngati mano a chipeso, kuti dzanja la munthu lisamasochere.

"Vomereza ndimadina ine ndekha. Ndiye lifanane ndi a makalaliki? Mukundiyesa mnzawo?"

"Bwana, likakula lokha, enawa asowa malo."

"Apanikizane. Likulitseni, mayi."

Iye anayang'ana kamzere kamene kiyi uja anakanda pagalasi. Munthu woti kompyuta yake amachita kumuyatsira sekilitale, lero wasanduka mmisiri wa mabatani. Mayiyo anasintha nambala ya kukula kwa batanilo.

"Onjezani."

Anaonjezera. Batanilo linafufuma ngati finye.

"Onjezaninso. Musaumire, si nsalu yanu."

Anaonjezeranso, mpaka abwana anaweramuka n'kudzisisita pamimba.

"Eya. Tsopano aliyense adziwa mwini wake wa ofesi ino."

Anatuluka akuliza makiyi, chitseko osatseka.

Mayiyo anatsala akuyang'ana windo lija. Sunga linali litafinyikira pakona. Bweza, lija lopulumutsa munthu akavomereza zolakwika, linali litakankhidwira kunja, osaonekanso. Dzanja lake linaima pa mausi kanthawi, kenaka analichotsapo.

Chiwadziwireni abwanawo, sanawamvepo akubweza mawu. Batani la Bweza akanalitani?