Phazi la Mwana wa Tankersley

Panatsala masekondi anayi kuti masewero athe. Royce Tankersley anayang'ana wotchi yaikulu ya pabwalo. Mphepo yozizira ya Disembala inkaomba.

Kuyambira 1958, timu ya mpira wa ku America ya koleji ya Tallow Creek inali itaitanidwa kasanu ndi kanayi ku Bowl, masewero aakulu otsekera chaka. Maulendo onsewo inabwerako chimanjamanja. Ulendo woyamba anagonja m'matope. Mu 1974 anatsogola mpaka kumapeto, mpira n'kupulumuka m'manja mwa wothamanga wawo atatsala phazi limodzi kufika pamzere wogoletsera. Anthu a m'tauniyo ankadziwa zaka zimenezi pamtima ngati masiku a maliro a abale awo.

Koma chaka chimene sankachiiwala n'komwe chinali 1993. Tsiku limenelo panatsalanso masekondi ochepa, ndipo timu inkangofuna kuti womenya wawo adutsitse mpira pakati pa mizati iwiri. Womenyayo anali Royce. Mpira unapita kumanzere.

Kuchokera pamenepo dzina lake linasanduka Kumanzere. Kwa zaka makumi atatu anagulitsa matayala m'tauni momwemo, ndipo panalibe sabata imene inatha popanda wina womufunsa ngati matayala ake sakokera kumanzere. Iye ankangoseka nawo. Masewero a timuyo sanaphonyepo, ndipo lero anali atakhala pakati pa anthu akwawo, atavala jekete yake yobiriwira ya nthawi imene ankasewera.

Matimu amene ankasewera lero, Tallow Creek ndi Brandt Valley, ankasiyana ndi mapointi awiri okha. Mpira wodutsa pakati pa mizati umapatsa atatu. Tsono masewero onse, chaka chonse, zinali pa phazi la munthu mmodzi, amene tsopano ankalowa m'bwalo akumanga lamba wa chipewa chake chodzitetezera.

Anali Hollis, mwana yekhayo wa Royce.

"Taonani amene akubwerayo!" anakuwa Buck Ledbetter, wometa tsitsi wa m'tauni, yemwe anakhala kumbuyo kwawo. Anamenya Royce paphewa. "Iwe Kumanzere, magazi sanama. Ameneyu aphonya ngati bambo wake, ndikulumbira!"

Anthu oyandikana nawo anaseka, kuseka kouma kwa anthu amantha. Mayi wina anali ataphimba kumaso ndi mpango. Mkulu wina ankapemphera mokweza, sangweji yake itagwera pansi osaiona.

Lorene, mkazi wa Royce, anamugwira dzanja. "Musamuyankhe, bambo a Hollis."

"Sindikumumva n'komwe," anatero Royce.

Ankanama. Mawuwo anamulowa ngati msomali. Iye ankadziwa zimene zimachitika kwa munthu akaima pamalo paja. Phokoso limatha. Mizati imaoneka ngati yayandikana. Phazi lako lomwe limakhala ngati wabwereka kwa mnzako. Ndipo ukaphonya, suphonya tsiku limodzi, umaphonya m'mawa uliwonse ukadzuka.

Sanafune kuti mwanayo adzakhale womenya. Anamubisira mipira, anamugulira gitala. Koma Hollis ali ndi zaka khumi, Royce anamupeza kuseri kwa sitolo akumenyera mpira pakati pa milu iwiri ya matayala. Tsiku limenelo Royce anagwada pafumbi, n'kumugwirira mpirawo ndi chala.

Wezulo inalira. Timu inayo inapempha nthawi yopuma, njira yakale yozunzira womenya kuti aime yekha ndi maganizo ake. Hollis anabwerera m'mbuyo, anaika manja m'chiuno, maso ali pansi.

"Wayamba kunjenjemera!" anatero Buck. "Ndaona ndi maso angawa, miyendo ikugundana!"

"Buck," anatero Lorene osatembenuka, "tsekani pakamwa panupo musanameze ntchentche."

Royce anayang'ana timbendera ta pamwamba pa mizati. Mphepo inkakankhira kumanzere. Mtunda unali mayadi makumi anayi ndi awiri, kuposa wake uja ndi asanu. Anafuna kukuwa kuti, mutu pansi mwanawe, usayang'ane mizati, koma phokoso la anthu likanameza mawu ake.

Osewera anafola, zipewa zitayang'anizana. Anthu zikwi makumi anayi anaimirira. Royce yekha anakhalabe pansi.

Mpira unaponyedwa kumbuyo. Wogwirira anaulandira movutikira, unatsala pang'ono kumupulumuka, anauimika mopendekeka. Hollis anaponda kamodzi, kawiri, n'kumenya.

Unakwera. Unadutsa pamwamba pa manja otambasuka. Unayamba kukhotera kumanzere, pang'onopang'ono, monga momwe Royce ankauonera m'maloto ake kwa zaka makumi atatu. Lorene anamukanikiza zikhadabo m'dzanja. Mpira unapsepsa mzati, mzatiwo n'kugwedezeka.

Oimbira awiri a pansi pa mizati anayang'anizana. Kenaka onse anakweza manja m'mwamba.

Walowa.

Kumbali kumene Royce anakhala kunagwa bata ngati la kumanda. Buck anadzigwetsa pampando, chipewa chili m'manja. Mayi wa mpango uja anayamba kulira. Royce anadzuka pang'onopang'ono, yekhayekha pakati pa anthu zikwizikwi ovala zobiriwira, misozi ikutsika.

"Ndi mwana wanga ameneyo!" anakuwa mpaka mawu anasasa. "Mwamuona? Ndi mwana wanga!"

Kutsidya kwa bwalo malipenga anali kulira, ndipo osewera a Brandt Valley anali atanyamula Hollis m'mwamba, atavala yunifolomu yawo yoyera. Iwo ndi amene anamutenga pamene Tallow Creek inanena kuti sidzapatsanso mpira munthu wa dzina la Tankersley. Tallow Creek inali itagonja kachikhumi.