Botolo Lozimitsira Moto Limene Analimata ndi Guluu

Panali munthu wina woyendetsa galimoto za mpikisano, amene anzake ankangomutcha Chimphepo. Mng'ono wake nayenso ankapikisana, pa galimoto yakeyake. Akuti izi zinachitikadi, ndipo anaulula ndi malume awo, omwe analinso makaniko wawo.

Kutatsala tsiku limodzi kuti mpikisano uyambe, malumewo ankalongedza katundu wa Chimphepo m'galaja: jeke, masipanala, matayala awiri apadera, lamba wa injini, chingwe chokokera, waya ndi pulayazi. Atanyamula botolo lozimitsira moto anamva kupepuka. Kamuvi ka pa geji kanali pofiira.

"Iwe, ili latha. Sindinakuuze sabata yatha kuti ukalidzazitse?"

"Ndinaiwala, malume. Panopa atseka kale."

"Ndiye mawa usapite. Oyendera magalimoto sakakulola."

"Zaka zisanu ndi zitatu ndikuthamanga, munandionapo ndikulitsegula? Limangokongoletsa galimoto ili."

Chimphepo anachotsa kagalasi ka geji, n'kukankhira kamuvi pobiriwira, n'kudonthezapo guluu. Mkazi wake, yemwe ankamuwerengera njira pa mpikisano, anaona zonse. Anangoti, "Koma inu ndiye ayi," n'kupitiriza kupinda mapu. Malume anapukusa mutu, koma botolo analimangirira pamalo pake. M'mawa oyendera anayang'ana geji, n'kuchonga.

Chakumasana, mpikisano uli mkati, Chimphepo atangokhota pa kona ina, anapeza galimoto ya mng'ono wake itagona cham'mbali m'ngalande. Womuwerengera njira anali atatuluka, dzanja litathyoka. Mng'onoyo anali moyo, akulankhula bwinobwino, koma miyendo inali itapanikizika pansi pa chiwongolero. Botolo lawo linali litaphwanyika ndi mpando. Pansi pa boneti panali kamoto kakang'ono, koti munthu n'kukaphimba ndi chipewa.

"Achimwene, mwachita bwino kubwera," anatero mng'onoyo. "Tangothirani apo, kenako mundikoke."

Chimphepo anathamanga kukatenga botolo lake, akudziwa kuti mulibe kanthu. Anazula pini, n'kufinya. Linangoti fyu, kenako zii.

"Finyani mwamphamvu, achimwene!"

Anafinyanso. Palibe chinatuluka. Anayamba kukumba dothi ndi manja n'kumaponya pa injini, mkazi wake akutunga lina ndi chisoti. Moto unagwira paipi ya mafuta n'kulowa mkati. Chimphepo anakoka mng'ono wake m'khwapa mpaka khungu la m'manja mwake linasupuka, koma miyendo sinatuluke. Galimoto yotsatira inafika patapita mphindi zinayi, ndipo ndi imene inazimitsa motowo.

Kuchipatala mng'onoyo anamudula miyendo yonse iwiri.

Ofufuza ngozi ataona kamuvi kali pobiriwira, analemba kuti botolo linali ndi vuto lochokera kufakitale. Nkhani inathera pomwepo. Chimphepo sanakwerenso galimoto ya mpikisano. Iye ndi mkazi wake akukhalabe nyumba imodzi, koma amalankhulana za ana basi. Malume anatseka galaja, ndipo akakumana naye pa zochitika za pabanja amayang'ana kumbali.

Mng'onoyo sakudziwa kanthu. Amakhala kwa mayi awo, pa njinga ya olumala. Lamlungu lililonse Chimphepo amapita kukamusambitsa, ndipo kukabwera mlendo mng'onoyo amamugwira dzanja n'kulionetsa.

"Mukuona zipsera izi? Achimwene anali ndi nthawi yabwino kuposa onse tsiku limenelo, akanapambana. Anasiya zonse chifukwa cha ine. Ena akanangodutsa."

Mayi awo amapukuta misozi n'kuthokoza Mulungu chifukwa cha mwana wotere. Chimphepo amanyamula beseni n'kutuluka panja kukataya madzi, ndipo amachedwa kubwerera.

Phunziro: Chida chopulumutsira moyo si chongoonetsa oyendera. Mukhoza kupusitsa geji, koma amene adzapse mwina sadzakhala inu. Ndipo ngati mwaona chinyengo n'kukhala chete, mwachita nawo. Musananyamuke, yang'anani katundu wanu mmodzimmodzi. Tumizirani uthengawu aliyense amene amagwira chiwongolero, lero lomwe.