Saluni Yopanda Miseche

"Iwe, pano timaluka tsitsi, sitiluka nkhani za eni!" anakalipa mayi mwini saluni, chala chikuloza kukhomo. Umu ndi mmene ntchito inathera kwa mtsikana wawo woluka, yemwe makasitomala ankamutcha Wailesi chifukwa cha pakamwa.

M'malo mwake analemba mtsikana wofatsa ngati nkhosa, n'kupachika chikwangwani: "Lukitsani mwamtendere, kuno kulibe miseche."

Mtenderewo unabweradi, abale inu! Ngakhale ntchentche inkamveka ikamauluka. Mipando inachita fumbi, mayiwo n'kumangopukuta galasi loyera kale.

Loweruka anaona kasitomala wawo wakale akudutsa chothamanga, tsitsi lili nyankhalala.

"Asisi, simulowa?"

"Pepani amayi, ndikuthamangira pakhonde pa Wailesi. Mzere wake si masewera, ndiye lero akuti amalizitsa ija ya amuna anu."

"Ya amuna anga itinso?"

"Iii, nanenso ndinangomva theka!"

Mayiwo anayang'ana wofatsa uja, akungosinza pampando. Anavula duku, n'kusokoneza tsitsi lawo ndi zala, n'kumusiyira makiyi.

Pakhondepo Wailesi anawalandira ndi nsangala.

"Takulandirani, bwana! Koma mukhale kumapeto kwa mzere, ndipo kuno timalipiriratu."