Mluzu pa Mtsinje wa Roper

Injini ya galimoto yathu inatentha dzuwa litalowa kale, pafupi ndi mtsinje wa Roper. Mwamuna wanga Clem anali ndi bala kuphazi, ndiye ndinatenga chigubu n'kutsetserekera kumadzi ndekha.

"Loretta, usachedwe kumeneko! Ng'ona sizisamala zoti ndiwe chiphadzuwa," anakuwa akuseka.

Nditangogwada kuti nditunge, ndinamva mluzu kumbuyo kwanga. Unali uja ankaimba bambo anga poitana agalu kubusa, wautali kenako wodukiza. Koma bambo tinawaika m'manda kalekale.

Ndinasiya chigubu n'kukwera kumtunda kutsata mluzuwo. Pomwepo madzi anangoti khuvuu! Nditawalitsa tochi, ndinaona mchira wa ng'ona ukumira. Chigubu chija panalibe.

Ndinathamangira kugalimoto. Clem sankasekanso.

"Mkulu wachipewa amene amakutsatira uja ndani?" anafunsa chapansipansi.

Misozi inangoyamba yokha. "Zikomo, ababa," ndinatero.

Clem anandigwira dzanja mwamphamvu, maso ake ali kuseri kwa phewa langa.

"Lowa msanga, usacheuke," ananong'ona. "Sanachoke."