Nsapato Zonunkha za Wendell

Marlys ananyamula nsapatozo ndi chopanira nyama, dzanja linalo atatseka nalo mphuno. Zinali za mwamuna wake, Wendell, ndipo m'mawa wa Lachisanu limenelo mayiyu anali atatopa nazo.

Kachipinda kovulira nsapato, kuseri kwa khitchini, kanali katasanduka dzala. Silinali fungo la thukuta wamba ayi. Linali fungo loti ukalipuma limakakhala pakhosi, malovu n'kudzaza m'kamwa. Marlys anakolopa ndi viniga, anawaza soda, anayatsa makandulo onunkhira. Fungo linangoti ndili pompano.

Mawa lake kunali mpikisano wothamanga m'mapiri a kumtunda kwa tauni ya Red Lodge, m'chipale chofewa chofika m'mawondo. Wendell, bambo wa imvi zake, anali akuukonzekera chiyambireni chisanu. Dokotala amene anamukonza bondo anali atamuuza mosapsatira kuti chaka chino n'chomaliza, akatha apa apume.

Marlys anapirira zambiri chifukwa cha mpikisanowu. Zikhadabo za kumapazi kwa mwamunayo zinada bii n'kumathothoka, china Marlys anachita kuchiponda pakapeti. Mamina ankaumira kundevu. Masokosi ankati akawavula, n'kuima okha. Ndiye panalinso ntchito ya Loweruka lililonse, Wendell akapita kokathamanga pokonzekera. M'chisanu cha kuno chakudya chimauma gwa, choncho wodikirira wothamanga amachisunga pathupi. Marlys ankaima kumapeto kwa njira mano akugundana, mbatatesi ndi mazira owiritsa zili m'thumba lam'kati la chijasi chake, ngati nkhuku yofungatira. Zikomo wake? Mwezi watha Wendell anachita kumuwerengera.

"Ndinawiritsa mazira anayi ine. Linalo mwadyera m'njira eti?"

"Ndiye ndasanduka wakuba? Tadyani apa, mamina akugwera m'chakudya!"

Nsapatozo Wendell ankazikonda kuposa galu wake. Anazipondaponda miyezi yambiri mpaka zinazolowera chala chake chopindika, ndipo kunsi kwake anakhomako yekha timasikuluwu kuti asamaterereke pa ayezi. Zatsopano zinalipo m'bokosi, koma iye ankati kuvala zatsopano pa mpikisano wautali n'kudzipha, matuza amakugwira usanamalize phiri loyamba.

"Zichapeni, a Wendell, chonde," Marlys anamudandaulira kangapo.

"Zikachapidwa zikhwinyata. Komanso fungo lake liti? Ine sindikumva kanthu."

Akanalimva bwanji, mphuno ili yotsekeka ndi chimfine chiyambireni Novembala?

Chimene chinamutsiriza Marlys chinachitika Lamulungu. Chijasi chake chinkakhala pamsomali pamwamba penipeni pa nsapatozo, pafupi ndi chotenthetsera m'nyumba, ndipo fungolo linali litachilowerera. Kutchalitchi Mayi Haugen, mnzake wokhala naye benchi imodzi zaka zonsezi, ananunkhiza kawiri, n'kukhosomola, kenako n'kusendera kutali mwakachetechete. Marlys anachita manyazi mpaka makutu kutentha. Iye, mayi wodziwika ndi ukhondo mumsewu wonse, anthu azimuthawa chifukwa cha mapazi a munthu wina!

Tsopano galimoto yotola zinyalala inkamveka kumunsi kwa msewu. Wendell anali kuchipinda cham'mwamba, akudzola mafuta kumapazi uku akuimba mluzu. Marlys anavala chijasi chake, anatuluka nazo nsapato zija atazitalikitsa, n'kuziponya m'bini. Anaima pakhomo mpaka anaona galimoto ikukweza biniyo, ikukhuthula, chitsulo chake chikuphwanya zonse pamodzi. Inakhota pakona n'kupita.

Ankadziwa bwino chimene wachita. Mawa Wendell adzavala zatsopano n'kutsika phiri akutsimphina, kapena sadzapita n'komwe. Koma anadzilimbitsa. Munthu wokana kuchapa nsapato zake wazitaya yekha. Akalira alire, bola m'nyumba mupumike.

Analowa m'kachipinda muja, natseka chitseko, n'kukoka mpweya wambiri ngati munthu amene wapambana mlandu. Fungo lija linali pomwepo, mwinanso kuposa kale.

"Lalowerera m'makoma," anadziuza yekha. "Zinyansi za munthu ameneyu!"

Masitepe analira. Wendell anatulukira ali chosavala kumapazi, zala zili noninoni ndi mafuta, nkhope ili mwee ngati mwana wopita kuphwando.

"Mayi, mwandionerako nsapato zanga? Ndikufuna ndimange sikuluwu imodzi, ikugwedera."

"Tayambani mwakhala pansi," anatero Marlys. "Pali nkhani."

Mawu anali atawakonza kale, mawu a munthu wosalakwa. Anakhala pabenchi kuti awayankhule bwino.

Phu! China chake chinaphulika kunsi kwa ntchafu yake, mumpendero wa chijasi. Anapisa dzanja m'thumba lam'kati, zala n'kupyola pachibowo chimene sankachidziwa, ndipo zinatuluka ndi timakoko toyera ndi chinthu chobiriwira, chonanda.

Ngakhale mphuno ya Wendell inatseguka. "Aa!" anatero akuseka. "Si dzira langa lachinayi lija ili?"